Malamulo Okhudza Alendo Ophunzitsa Chingerezi Mwapadera ku South Korea, China ndi Japan

Chidziwitso ichi chikupita kwa anthu onse, makamaka achinyamata amene akulingalira zokaphunzitsa Chingerezi m'mayiko a kum'mawa kwa Asia, komanso makolo ndi abale amene amagulitsa mbewu, ziweto kapena katundu wa bizinesi kuti apeze ndalama za ulendo wotere. Chikufotokoza zimene malamulo a South Korea, China ndi Japan amanena pa mlendo amene akuphunzitsa ana kapena akuluakulu mwapadera, kunja kwa sukulu imene inamulemba ntchito, n'kumalandira malipiro m'manja.

Mfundo yaikulu

Kuno kwathu, mphunzitsi akaweruka n'kumaphunzitsa ana a anansi ake madzulo kuti apezeko ya sopo, ambiri amangoti ndi ganyu. M'mayiko atatuwa, ganyu wotere akachitidwa ndi mlendo wopanda chilolezo chake ndi mlandu. Chifukwa chake n'chakuti viza ya ntchito imaperekedwa pa ntchito ya mtundu umodzi, ndipo kawirikawiri imatchulanso dzina la wolemba ntchito ndi malo ogwirira ntchitoyo. Ntchito ina iliyonse yolipidwa imene sili pa chilolezocho imawerengedwa ngati yosaloledwa, ngakhale ikhale ya ola limodzi pa sabata, yochitikira m'nyumba ya munthu kapena m'malo omwera khofi. Mfundoyi si yachilendo kwa ife, pakuti nayenso mlendo wofuna kulembedwa ntchito m'Malawi amayenera kukhala ndi chilolezo cha TEP chochokera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko.

South Korea

Alendo ambiri ophunzitsa Chingerezi ku South Korea amakhala ndi viza yotchedwa E-2. Pa Chingerezi, vizayi imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko asanu ndi awiri awa: United States, United Kingdom, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mulibe pa mndandandawu. Mmalawi wokhala ku Johannesburg kapena ku London sakhala woyenera vizayi pongokhala kumeneko. Chimene amayang'ana ndi pasipoti yake. Wopempha amafunikanso kukhala ndi digiri ya kusukulu yaukachenjede, kalata yotsimikizira kuti sanapalamulepo mlandu, ndiponso kukayezedwa kuchipatala akafika.

Amene wapatsidwa E-2 amagwira ntchito pa sukulu ya boma kapena pa sukulu yolipiritsa ya maphunziro apadera, imene kumeneko amaitcha hagwon. Akafuna kuwonjezera malo ena ophunzitsirako, amayenera kugwirizana ndi womulemba ntchito ndi kudzera ku ofesi yoona za alendo. Kuphunzitsa ana m'makomo mwa makolo awo n'kumalandira ndalama sikuloledwa pa vizayi. Ndime 20 ya lamulo loona za anthu olowa ndi otuluka m'dzikolo imafuna kuti mlendo ayambe watenga chilolezo asanachite ntchito ina yosiyana ndi ya viza yake, ndipo wophwanya ndimeyi angathe kukhala m'ndende mpaka zaka zitatu kapena kulipira chindapusa chofika ma won 30 miliyoni. Angathenso kulamulidwa kutuluka m'dzikolo ndi kuletsedwa kulowamonso kwa nthawi.

Alendo okhala ndi chilolezo chokhazikika, monga F-5, kapena okwatirana ndi nzika ya dzikolo, amene amakhala ndi F-6, ali ndi ufulu wokulirapo pa ntchito. Komabe nawonso, monga nzika zenizeni, amayenera kukalembetsa ku ofesi ya zamaphunziro ya m'dera lawo asanayambe kuphunzitsa mwapadera.

Kukhwima kwa malamulowa kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1980, boma la Chun Doo-hwan linaletseratu pafupifupi maphunziro onse apadera, ponena kuti ankalemetsa makolo ndi kukulitsa mpata pakati pa ana a olemera ndi ana a osauka. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa chiletsochi m'chaka cha 2000, koma boma linapitiriza kuyang'anira ntchitoyi kudzera m'kalembera wa aphunzitsi ndi malire a nthawi. Mumzinda wa Seoul, sukulu za hagwon siziloledwa kuphunzitsa ana kupitirira 10 koloko usiku.

China

Mlendo wofuna kuphunzitsa ku China amalowa ndi viza ya Z, ndipo akafika amatenga chilolezo cha ntchito ndi chiphaso chokhalira m'dzikolo. Viza ya L ya okaona malo, ya M ya ochita malonda ndi ya X ya ophunzira sizipatsa munthu ufulu wolembedwa ntchito yauphunzitsi. Amalonda athu opita kukapikula katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu komanso ophunzira athu a m'sukulu zaukachenjede za kumeneko adziwe bwino mfundo imeneyi, chifukwa mlendo wolankhula Chingerezi angathe kupemphedwa kuti aphunzitseko ana pa malipiro ooneka okoma. Wophunzira amaloledwa kugwira ntchito kunja kwa sukulu pokhapokha sukulu yake itavomereza ndipo chilolezocho chitalembedwa pa chiphaso chake.

Lamulo loona za kulowa ndi kutuluka m'dziko la China, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2013, limati mlendo wogwira ntchito popanda chilolezo, kapena mopyola malire a chilolezo chake, alipire chindapusa cha pakati pa ma yuan 5,000 ndi 20,000. Mlandu ukakhala waukulu, amatsekeredwanso kwa masiku 5 mpaka 15. Wobwezedwa kwawo angathe kuletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Womulemba ntchito naye amalipira ma yuan 10,000 pa mlendo aliyense, mpaka kufika pa 100,000.

Mu July 2021, boma la China linalengeza ndondomeko yochepetsa ntchito ya kusukulu yokalembera kunyumba ndi maphunziro apadera. Ndondomekoyi inaletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa ana a msinkhu wa maphunziro okakamiza maphunziro akuluakulu a kusukulu, kuphatikizapo Chingerezi. Inaletsanso makalasi otere Loweruka, Lamlungu ndi pa tchuthi, komanso kulemba ntchito alendo okhala kunja kwa China kuti aziphunzitsa ana a m'dzikolo pa intaneti. Makampani monga VIPKid anasiya kugulitsa makalasi otere kwa ana a ku China m'chaka chomwecho. Choncho aliyense wolonjezedwa ntchito yophunzitsa ana a ku China pa kompyuta ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre ayenera kuchenjera.

Japan

Ku Japan, mtundu wa chilolezo chokhalira m'dziko ndiwo umanena ntchito imene mlendo angagwire. Ophunzitsa m'sukulu za pulayimale ndi sekondale, kuphatikizapo obwera kudzera mu ndondomeko ya JET imene inayamba m'chaka cha 1987, amakhala ndi chilolezo chosiyana ndi cha ophunzitsa m'makampani a maphunziro a zinenero. Wofuna kugwira ntchito yolipidwa yosagwirizana ndi chilolezo chake amayenera kupempha kaye chilolezo chapadera ku ofesi yoona za alendo. Ophunzira amene apatsidwa chilolezochi amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 28 pa sabata, ndipo pa tchuthi chachitali maola 8 pa tsiku. Wogwira ntchito yosaloledwa angathe kukhala m'ndende mpaka chaka chimodzi kapena kulipira chindapusa chofika ma yen 2 miliyoni. Chilango chimakula kufika zaka zitatu kapena ma yen 3 miliyoni ngati ntchito yosaloledwayo ndiyo wakhala akuidalira kwathunthu.

Zimene banja limataya

Kupatula chindapusa, mphunzitsi wogwidwa angathe kuchotsedwa ntchito, ndipo viza yake ingathenso kuthetsedwa. Malipiro a miyezi yotsala ya kontalakiti amapita, ndipo ngongole imene abale anatenga polipirira ulendo imatsala osabwezedwa. Ambiri mwa mayiko amafunsa wopempha viza ngati anathamangitsidwapo m'dziko lina, kotero mlandu wa ku Seoul kapena ku Beijing ungathe kumutsekera munthu makomo ena m'tsogolo. Ofesi za akazembe a Malawi ku Beijing ndi ku Tokyo zingathe kupereka uphungu ndi kudziwitsa abale, koma zilibe mphamvu yofafaniza mlandu kapena kusintha chigamulo cha dziko la eni.

Zoyenera kuchita

Anthu onse akulangizidwa kuti asapereke ndalama kwa munthu wolonjeza ntchito yauphunzitsi kunja asanaone kontalakiti yolembedwa, yotchula dzina la sukulu, malo ake ndi mtundu wa viza. Aliyense wonena kuti munthu alowe ndi viza yokaona malo, zina zikakonzedwa akafika, akumuika mnzakeyo m'mavuto. Amene ali kale kunja asadalire mawu a apakamwa a bwana kapena a makolo a ana. Chilolezo chenicheni ndi cholembedwa ndi ofesi yoona za alendo. Popeza malamulo ndi zindapusa zimasintha, n'kofunika kufunsa ku ofesi ya kazembe wa dziko limene munthu akupitako asananyamuke. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.