Mtengo wa Dzina la Einstein

Munthu akasaina dzina lake pansi pa kalata, amavomera kuti mawu onse a m'kalatamo ndi ake, ndi kuti zotsatira zake adzazisenza. Koma zaka zikapita, pepala lomwelo likhoza kusanduka katundu wa malonda. Izi ndizo zachitikira makalata ndi zikumbutso zina za akatswiri a sayansi amene adatengapo mbali popanga bomba la atomiki ku America m'nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.

Chikumbutso chotchuka koposa ndi kalata ya pa 2 Ogasiti 1939. Leo Szilard, katswiri wochokera ku Hungary, adali ndi mantha kuti boma la Hitler likhoza kupanga bomba loopsa kuchokera ku mwala wa yureniyamu. Podziwa kuti dzina lake silikadagwedeza akuluakulu a boma, adapita kwa Albert Einstein. Padakonzedwa makalata awiri, yaitali ndi yaifupi, ndipo Einstein adasaina onse. Yaitaliyo idakafika kwa Pulezidenti Franklin Roosevelt, ndipo imasungidwa ku Hyde Park, m'chigawo cha New York. Yaifupiyo adasunga ndi Szilard. M'chaka cha 2002 kampani ya Christie's idaigulitsa pa okushoni pa mtengo wa madola 2.1 miliyoni, ndipo mu 2024 idagulidwanso pa madola 3.9 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti mwini dzinalo sadanyadire nayo kalatayi. Einstein sadagwire nawo ntchito yopanga bombalo, komabe mu 1954 adauza mnzake Linus Pauling kuti kusaina kalatayo kudali kulakwa kwakukulu pa moyo wake.

Maina ena adalembedwa mwachimwemwe. Pa 2 Disembala 1942, mumzinda wa Chicago, gulu lotsogozedwa ndi Enrico Fermi lidakwanitsa kwa nthawi yoyamba kuyatsa mphamvu ya atomu ndi kuilamulira. Eugene Wigner adatulutsa botolo la vinyo wa Chianti. Atamwa, adalemba maina awo pa udzu wolukidwa umene udakuta botololo. Tsiku limenelo adadziona ngati opambana.

Pasadathe zaka zitatu, ena mwa akatswiriwa adasainanso pepala lina, koma mitima ili yolemedwa. Mu Julayi 1945, Germany itagonja kale, Szilard adalemba chikalata chopempha Pulezidenti Harry Truman kuti asaponye bombalo pa Japan dzikolo lisadapatsidwe mpata womveka wogonjera. Anthu 70 adasainapo. Chikalatacho chidachedwa m'manja mwa asilikali, ndipo sichidamufike Truman pa nthawi yake.

Pa 16 Julayi 1945, bomba loyamba, lomwe lidapangidwa ku Los Alamos motsogozedwa ndi Robert Oppenheimer, lidaphulitsidwa m'chipululu cha New Mexico. Kutentha kwake kudasungunula mchenga n'kuusandutsa galasi lobiriwira lotchedwa trinitite. Anthu adatola zidutswa zake n'kumazigulitsa mpaka boma lidaletsa kutola. Pa 6 Ogasiti bomba lidagwa pa Hiroshima, ndipo pa 9 Ogasiti lina lidagwa pa Nagasaki. Pofika kumapeto kwa chakacho, anthu pafupifupi 140,000 adali atafa ku Hiroshima, ndi ena pafupifupi 70,000 ku Nagasaki.

Nako ku Hiroshima kuli zikumbutso, koma sizigulitsidwa. M'nyumba yokumbukira mtendere, imene idatsegulidwa mu 1955, muli mawotchi amene adaima pa 8:15 m'mawa, kabokosi ka chakudya ka mwana wa sukulu kokhala ndi mpunga wopserera, ndi kanjinga ka matayala atatu ka mwana wa zaka zitatu. Zambiri mwa zinthuzi adazipereka ndi abale a anthu omwalirawo.

Palinso anthu ena amene sadasiye chikumbutso chilichonse cha pamsika. Kalata ya Einstein idatchula dziko la Congo, lomwe pa nthawiyo lidali m'manja mwa Belgium, kuti ndiko kudali yureniyamu wofunika kwambiri. Indedi, mwala wochuluka wa ntchitoyi udachokera ku mgodi wa Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga. Amuna a ku Congo amene adaukumba sadadziwe kumene unkapita, ndipo palibe wogula amene amafunafuna maina awo.

Kusunga makalata akale si kulakwa, pakuti ndi mboni za mbiri. Kalata ya 1939 imatiuza za mantha amene adayambitsa ntchitoyi, botolo lija limatiuza za chimwemwe cha ofufuza, pamene chikalata cha 1945 chimatiuza za chikumbumtima chimene chidadzuka mochedwa. Vuto limadza pamene wogula aona kutchuka kwa dzina n'kuiwala mawu amene dzinalo lidavomereza. Akuluakulu adati mlandu suwola. Wophunzira mbiri wanzeru akamva mtengo wa dzina la Einstein, ayenera kukumbukiranso wotchi ya ku Hiroshima ndi mgodi wa Shinkolobwe, chifukwa zitatuzi ndi mbali za nkhani imodzi.