Kuchotsa Windows kapena Linux pa kompyuta yokhala ndi zonse ziwiri

Kompyuta imodzi imatha kusunga mapulogalamu awiri oyendetsera makina onse, monga Windows ndi Linux, mwini wake n'kumasankha yoti agwiritse ntchito akangoyatsa. Odziwa za makompyuta amati dual boot. Kuchotsapo imodzi kumafuna zinthu zitatu: kukonza njira yomwe kompyuta imayakira, kufufuta chigawo cha disiki pomwe pulogalamuyo inali, ndi kupereka malo otsalawo kwa inzake.

Ku Songani, pamsewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, nkhaniyi imakhudza kwambiri ophunzira ndi aphunzitsi, poti Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education zili pafupi. Wogula laputopu yakaunjika, ya disiki ya 128 GB, sachedwa kuona kuti malo achepa. Linux yomwe ambiri amayamba nayo ndi Ubuntu, yomwe inatuluka mu 2004 kuchokera ku kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina la Ubuntu ndi lija ife timati umunthu.

Pomwe anthu amapunthwa ndi pa kapulogalamu kotchedwa GRUB. Linux ikaikidwa, GRUB ndiye amakhala mlonda wa pachipata, wofunsa kuti mulowa kuti, koma mafayilo ake ambiri amakhala m'chigawo cha Linux. Munthu akathamangira kufufuta chigawocho, mlonda amasowa pogwira, sikirini n'kuda bii, pongooneka mawu akuti grub rescue. Apa ena amaganiza kuti kompyuta yafa n'kuifomata yonse, chonsecho Windows ndi mafayilo awo zinali bwinobwino. Kutaya ntchito ya chaka chonse pa chifukwa chotere n'komvetsa chisoni, ndipo n'kopeweka.

Choncho wochotsa Linux ayambe wabwezera Windows pachipata. Makompyuta a masiku ano, a UEFI, ali ndi kachigawo kakang'ono ka EFI, nthawi zambiri ka 100 MB kapena kupitirirapo, komwe pulogalamu iliyonse imasunga foda yake yoyatsira. Mumalowa mu UEFI poyatsa, n'kuika Windows Boot Manager pamwamba. Makompyuta akale a BIOS amayakira pa MBR, mabayiti 512 oyambirira a disiki, ndipo pamenepo pamafunika fulashi ya Windows ndi lamulo la bootrec /fixmbr. Windows ikayaka yokha popanda GRUB, m'pamene mumatsegula Disk Management n'kufufuta zigawo za Linux. Zigawozi zimaoneka zopanda dzina chifukwa Windows siwerenga ext4, kalembedwe ka pa disiki ka Linux, ndiye muonetsetse kukula kwake kuti musafufute cholakwika. Kukulitsa C:, chigawo cha Windows, kumatheka pokhapokha malo opanda kanthuwo atagundana nayo kudzanja lamanja.

Kuchotsa Windows nako kwachuluka chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, komwe makina akale ambiri alibe. Kompyuta imayatsidwa ndi fulashi ya Linux, zigawo za Windows za NTFS n'kufufutidwa ndi pulogalamu ya GParted, kenako, mutalowa mu Linux ya pa disiki, lamulo la sudo update-grub limakonzanso mndandanda wa GRUB. Chigawo cha EFI musachikhudze, chifukwa Linux nayo imayakira pomwepo. Vuto lina n'lakuti Linux kawirikawiri imakhala kumapeto kwa disiki, ndipo kuisunthira kutsogolo kuti itenge malo otsalawo kumatenga nthawi yaitali. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi, batire lili lakufa, mafayilo angathe kuwonongeka. Kwathu kuno n'kwanzeru kungosandutsa malo otsalawo chigawo chapadera chosungira mafayilo.

Musanayambe chilichonse, koperani zithunzi, manotsi ndi zolemba zanu zonse pa fulashi kapena disiki ina, ndipo muzitsegule pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti zakoperadi. Ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker, lembani papepala manambala ake 48 otsegulira. Mukapereka laputopu kwa wokonza, muuzeni momveka pulogalamu yomwe mukufuna itsale, ndipo asafufute chigawo chilichonse mpaka mutaona ndi maso anu kuti yotsalayo ikuyaka yokha.