Connie Mack ndi Malonda a Akhalakale

Ku Maitland, dera la mu Cape Town kumene msewu wa Voortrekker umadutsa ndiponso kumene kwafikira alendo ambiri a m'mayiko ena a mu Africa, kuli timu ya baseball yotchedwa Giants. Mu ligi yomweyo muli Athletics ya ku Athlone ndi Yankees ya ku Westridge. Mayina onsewa ndi obwereka ku America, ndipo awiri oyambawo ali ndi mbiri imodzi: Giants ya New York ndi Athletics ya Philadelphia zinalimbirana chikho chachikulu cha World Series mu 1905, 1911 ndi 1913. Ku Cape Town masewerowa sadyetsa banja, choncho wosewera amapuma yekha maondo akayamba kukana. Kumene mayinawo anachokera, wosewera wamkulu amachotsedwa ndi buku la ndalama, ndipo palibe mbiri yosonyeza bwino zimenezi kuposa ya Connie Mack.

Mack anatsogolera Athletics zaka 50, kuyambira 1901 mpaka 1950, atavala suti m'malo mwa yunifomu. Anali mphunzitsi komanso mmodzi wa eni timu, ndipo analibe bizinesi ina yotsamira. Chakudya chake chinkachokera pachipata cha bwalo la Shibe Park. Munthu mmodzi yemweyo ankafuna kupambana masana, usiku n'kumawerenga malipiro.

Timu yake inatenga chikho mu 1910, 1911 ndi 1913. Mu 1914 kunabwera ligi yaikulu yatsopano, Federal League, imene inkakopa osewera ndi malipiro onona, pomwe owonerera ku Philadelphia anali kuchepa. Athletics itagonja kwa Boston Braves masewero anayi otsatizana m'chaka chimenecho, Mack anayamba kupasula nyumba. Anamasula akatswiri oponya mpira Eddie Plank, Chief Bender ndi Jack Coombs. Eddie Collins, amene anali atangosankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse, anagulitsidwa ku Chicago White Sox pamtengo wa madola 50,000. Frank Baker anakhala kunja kwa ligi chaka chonse cha 1915 pokanganirana malipiro, kenaka anagulitsidwa ku New York Yankees.

Apa mpofunika kusamala ndi mawu. Eni matimu amakonda kunena kuti "akumanganso", ndipo mawuwa amapereka chithunzi cha denga lovunda limene likusasulidwa. Koma Collins anali ndi zaka 27 zokha, ndipo mu 1917 anatenganso chikho ku Chicago. Plank, wa zaka 39, anapambana masewero 21 mu Federal League mu 1915. Anthuwa sanali atatha mphamvu. Chimene chinakula chinali mtengo wawo. Zotsatira zake zinali zowawa: mu 1916 Athletics inapambana masewero 36, n'kugonja 117, ndipo inakhala kumchira kwa ligi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, 1915 mpaka 1921. Anyamata amene Mack anasonkhanitsa analibe wowaonetsa njira.

Kumanga kwachiwiri kunayenda mosiyana. Mack anagula Lefty Grove ku Baltimore ndi madola 100,600, napezanso Al Simmons, Mickey Cochrane ndi Jimmie Foxx. Achinyamatawa atayamba kukhwima, anatsegulira khomo akhalakale: mu 1927 anabwera Ty Cobb wa zaka 40, Collins anabwerera kwawo, ndipo mu 1928 kunafika Tris Speaker. Cobb ndi Speaker anapuma chikho chisanabwere, koma Collins anatsala monga wothandiza mphunzitsi.

Nkhani yokoma ya nyengo imeneyi ndi ya Howard Ehmke. Mu 1929 anali ndi zaka 35, mkono wake unali utatopa, ndipo ankaoneka ngati woyamba kuchotsedwa. Mack anamusiya kuti asayende ndi timu, azikaonerera masewero a Chicago Cubs, imene inkayembekezeka kukumana ndi Athletics pa World Series. Tsiku la masewero oyamba litafika, anthu onse ankadikira Grove kapena George Earnshaw. Mack anapereka mpira kwa Ehmke. Mkuluyo ankaponya pang'onopang'ono, mokhotetsa, podziwa kufooka kwa womenya aliyense, ndipo anatulutsa omenya 13 ndi mipira imene analephera kuimenya, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo pa World Series. Athletics inapambana 3-1, n'kutenga chikho chaka chimenecho ndi chotsatira. Akale amati akulu ndi mdambo mozimira moto, koma m'buku la Mack mdambowo unkafunika pokhapokha munda utatsala pang'ono kucha.

Mavuto a zachuma a m'ma 1930 atagwa, malonda anayambiranso. Simmons anapita ku Chicago kumapeto kwa 1932, Grove ku Boston ndi Cochrane ku Detroit mu 1933, Foxx ku Boston mu 1935. Cochrane anatsogolera Detroit kukatenga chikho mu 1935. Ulendo uno palibe chinamangidwa: Athletics sinatsogolerenso ligi ili ku Philadelphia, ndipo mu 1955 inasamukira ku Kansas City. Ochemerera amene anauzidwa kuti apirire anatsala opanda timu.

Zonsezi zinkatheka chifukwa mgwirizano wa masiku amenewo unkamangirira wosewera ku timu yake moyo wonse. Mwini ankatha kumugulitsa, koma iye sakanatha kudzigulitsa. Curt Flood anakana kusinthanitsidwa mu 1969, nagonja ku khoti lalikulu la America mu 1972, ndipo chingwecho chinaduka mu 1975. Lero wosewera amamasuka akatha zaka zisanu ndi chimodzi mu ligi yaikulu. Ufuluwo unakweza malipiro a akuluakulu, komanso unapatsa eni matimu chifukwa chatsopano chowathamangitsira, pakuti mnyamata wa zaka zoyamba amalandira malipiro otsikitsitsa.

Houston Astros inatsata mapazi a Mack pafupifupi ndendende. Inagulitsa akhalakale ake, n'kugonja masewero 106, 107 ndi 111 m'zaka za 2011, 2012 ndi 2013, pamene inali kutola achinyamata aluso. Atakhwima, inaitana Brian McCann, Justin Verlander ndi Carlos Beltrán wa zaka 40, ndipo mu 2017 inatenga chikho. Mu January 2020 kafukufuku wa ligi anapeza kuti chaka cha chikhocho timuyo inkaba zizindikiro za adani ake ndi kamera, n'kumadziwitsa womenya poguguda chitini cha zinyalala. Wosewera yekhayo amene lipotilo linamutchula dzina monga wokhudzidwa ndi chinyengocho anali Beltrán, amene anabweretsedwa kudzalangiza anyamata, ndipo ntchito ya uphunzitsi imene anali atangoipeza ku New York Mets inathera pomwepo.