Nyumba Zophunziriramo Sayansi ya Nsomba ku Bunda

Ife a kunyanja kuno ku Nkhotakota tikamva za Bunda timaganiza za chimanga ndi ng'ombe, chonsecho kumenekonso ndi kumene amaphunzitsa za nsomba. Sukuluyi ili m'boma la Lilongwe. Idayamba ngati nthambi ya University of Malawi, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR.

Gawo lake la nsomba lidakula ndi thandizo la maiko a Japan ndi Iceland. M'chaka cha 2016 World Bank idasankha gawoli kukhala likulu la maphunziro a nsomba lotchedwa AquaFish, lolandiranso ophunzira ochokera kunja.

Sayansi imeneyi siphunzirika pa bolodi pokha. Pamafunika maiwe, matanki oswetsera makumba, chilunguni ndi milamba, komanso labotale yoyezera mpweya wa m'madzi ndi chakudya cha nsomba. Magetsi akazima, mapampu amaima ndipo tiana ta nsomba tingathe kufa usiku umodzi wokha. N'chifukwa chake pokonzanso nyumba zotere amisiri amayang'ana mipope, mawaya ndi jenereta. Penti amabwera pambuyo.

Kufunika kwa labotale tidakuona mu 2020, pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS adabuka ku Mchinji. Dzina la matendawo lidatsimikizika nsombazo zitayezedwa. Tisaiwale kuti mtsinje wa Bua umachokera komweko ndi kudzathira m'nyanja kuno kwathu, ndipo ndi momwe mpasa zimakwera kukaswana.