Mizere Iwiriiwiri pa Galasi: Mbiri ya Kujambula Kuwala kwa Nova

Pa 1 Febuluwale 1892, akatswiri a zakuthambo a ku Royal Observatory mumzinda wa Edinburgh, ku Scotland, adalandira khadi la papositi lopanda dzina la mlembi wake. Khadilo lidawadziwitsa kuti m'gulu la nyenyezi lotchedwa Auriga mwaoneka nyenyezi yachilendo. Mlembiyo adadziwika pambuyo pake. Adali Thomas Anderson, munthu wophunzira zaubusa amene ankayang'ana kuthambo pongokonda chabe, ndi katelesikopu kam'thumba.

Wophunzira, musanapitirire mumvetse kaye mawu awiri. Loyamba ndi nova, mawu a Chilatini otanthauza "chatsopano". Nyenyezi yotereyi si yatsopano ayi. Imakhalapo kale koma yozilala, kenaka m'masiku owerengeka kuwala kwake kumawirikiza kambirimbiri, n'kuyambanso kuzilala. Lachiwiri ndi sipekitiramu. Kuwala kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumamwazika n'kukhala kampango ka mitundu ya utawaleza, kufiira mbali ino, buluu mbali inayo. M'kampangomo mumaoneka timizere, tina towala, tina takuda. Mpweya wa mtundu uliwonse uli ndi malo akeake a timizere, monga mmene munthu aliyense alili ndi chidindo chake cha chala. Mpweya wotentha umapereka mizere yowala, koma ukakhala pakati pa inu ndi chinthu chowala kwambiri umameza kuwalako n'kusiya mizere yakuda.

Woyamba kuona sipekitiramu ya nova adali William Huggins wa ku London, mu Meyi 1866, pa nyenyezi ya T Coronae Borealis. Adaona mizere yowala ya haidirojeni, koma adaiona ndi maso n'kuijambula pamanja. Diso limatopa, ndipo zomwe laona usiku wa lero silingazisunge kuti wina adzaziyeze mawa. Chidasintha zinthu ndi magalasi ojambulira ouma, opakidwa mankhwala, omwe adafala cha m'ma 1880. Galasi lotere limasonkhanitsa kuwala kofooka kwa ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo zomwe lagwira siliiwala.

Nyenyezi ya Anderson, yomwe lero imatchedwa T Aurigae, ndiyo nova yoyamba kujambulidwa sipekitiramu yake pagalasi. Huggins ndi mkazi wake Margaret adaijambula ku Tulse Hill. Enanso adaijambula ku Potsdam, ku Harvard ndi ku Lick. Akatswiri a ku Harvard atafufuza magalasi awo akale adapezanso kuti nyenyeziyo idali itawala kale pa 10 Disembala 1891. Idakhala ikuoneka kwa milungu yoposa isanu ndi umodzi popanda woizindikira. N'chifukwa chake mabuku amaitcha nova ya 1891, ngakhale idadziwika mu 1892.

Tsono taonani chimene magalasi aja adaonetsa. Mizere idali iwiriiwiri. Pambali pa mzere wowala wa haidirojeni padali mnzake wakuda, ndipo wakudayo adali mbali ya buluu. Akatswiri ankadziwa kale mfundo ya Christian Doppler ya 1842. Inunso mumaidziwa ndi makutu: hutala ya galimoto yobwera komwe muli imamveka yokwera, galimotoyo ikakudutsani imamveka yotsika. Kuwala nako kuli chimodzimodzi. Mizere ya chinthu chobwera kwa ife imasendera ku buluu, ya chinthu chotithawa imasendera kofiira. Poyeza mpata wa pakati pa mizere iwiriyo, adapeza liwiro la makilomita mazana angapo pa sekondi imodzi.

Ambiri adati yankho n'losavuta. Pali nyenyezi ziwiri, ya mizere yakuda ikuthamangira kwa ife, ya mizere yowala ikuthawa, ndipo zagundana kapena zaphonyana pang'ono. Musawaseke. Ndi nova imodzi yokha m'manja, ganizoli lidali lanzeru ndithu.

Koma nyenyeziyo siidathere pomwepo. Idazilala mu Epulo 1892, n'kuwalanso mu Ogasiti. William Wallace Campbell wa ku Lick adapeza kuti sipekitiramu yake yasinthiratu: tsopano mudali mzere wobiriwira wonga wa mitambo ya mpweya yakuthambo yotchedwa nebula. Palibe ankadziwa mpweya wopereka mzerewu, moti adaupatsa dzina loti nebulium. Mu 1927 Ira Bowen adasonyeza kuti ndi okosijeni yemweyu, koma wopyapyala zedi ndiponso wotaya maelekitironi awiri.

Umboni wolemera udachokera kwa mayi wina wa ku Dundee, Williamina Fleming. Iyeyu adayamba ngati wantchito wapakhomo pa Edward Pickering, mkulu wa malo oonera zakuthambo a Harvard, kenaka adalembedwa ntchito yoyeza magalasi. Mu 1893, akupenda galasi lojambulidwa ku Arequipa, m'dziko la Peru, adaona kasipekitiramu kofanana ndi ka T Aurigae. Imeneyi idali Nova Normae, yoyamba kupezeka kudzera mu sipekitiramu yojambulidwa, wopezayo ali khale patebulo masana. Moyo wake wonse Fleming adapeza manova 10.

Apa mpomwe ganizo la kugundana lidayamba kugwedezeka. Ganizirani bwino. Ngati nyenyezi ziwiri zikumana mwangozi, nthawi zina ya mizere yakuda ingabwere kwa ife, nthawi zina ingatithawe. Nanga bwanji m'nova iliyonse mzere wakuda umapezeka mbali ya buluu basi? Ngozi siibwereza njira imodzimodzi chotero. Mu Febuluwale 1901 Anderson yemwe uja adapezanso Nova Persei, ndipo ulendo uno akatswiri adaijambula isanafike pachimake cha kuwala. Poyamba idaonetsa mizere yakuda ngati nyenyezi yotentha wamba. Patangopita masiku ochepa mizere yowala idatulukira, mnzake wakuda ali mbali ya buluu monga kale.

Pang'onopang'ono tanthauzo lenileni lidaoneka. Mizere yonse iwiri imachokera ku mpweya umodzi, umene nyenyezi yauponya mbali zonse ngati chikhodzodzo chofufuma. Gawo la mpweya limene lili pakati pa ife ndi nyenyeziyo likubwera kwa ife, choncho limameza kuwala n'kusiya mzere wakuda wosendera ku buluu. Mpweya wotsalawo, wa m'mbali monse, ndiwo umapereka mzere wowala wotambalala. Nova Aquilae ya 1918 idathandiza kutsimikiza zimenezi, pakuti patapita miyezi mtambo wozungulira nyenyeziyo udaoneka, ndipo unkakula chaka ndi chaka.

Chodabwitsa n'chakuti nyenyezi ziwiri zilipodi, koma sizigundana. Mu 1954 Merle Walker adapeza kuti DQ Herculis, nova ya 1934, ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana m'maola 4 ndi mphindi 39. Imodzi ndi yaing'ono koma yolemera kwambiri, yotchedwa white dwarf, ndipo imakoka haidirojeni kwa inzake. Haidirojeniyo akaunjikana pamwamba pake amatentha mpaka kuphulika. Walker adabwereranso kwa T Aurigae, ya pakhadi la Anderson ija, ndipo adapeza kuti nayonso ndi nyenyezi ziwiri, zozungulirana m'maola osakwana asanu.