Kunyanja Kapena Kumapiri: Mbiri ya Malo Omangapo Nyumba ku Thyolo

Masiku ano munthu amene wapeza chuma, akaganiza zogula malo omangapo nyumba ya ulemu wake, kawirikawiri mtima umagawikana pawiri. Mbali ina umakokera kunyanja, ku Mangochi, ku Monkey Bay kapena ku Senga Bay, kumene mchenga ndi woyera ndipo chambo chimadyedwa chongovuulidwa kumene. Mbali ina umakokera kumtunda, ku malo ozizira ndi obiriwira monga Bvumbwe ndi Thyolo, kumene minda ya tiyi imayalana ngati mphasa kuchokera m'mbali mwa msewu mpaka m'tsinde mwa phiri. Ambiri amayesa kuti funso limeneli ndi la makono, koma linavutitsa kale anthu ena pafupifupi zaka 150 zapitazo, ndipo yankho limene iwo anapereka ndilo linaumba boma la Thyolo monga lionekera lero.

Alendo oyamba ochokera ku Ulaya amene anadzakhazikika m'mbali mwa nyanja ya Malawi anali amishoni a ku Scotland. David Livingstone anali ataiona nyanjayi mu 1859, ndipo iye atamwalira, anthu akwawo anatumiza gulu loti lidzayambe ntchito m'dzina lake. Mu Okutobala 1875 gululi linafika pa Cape Maclear pa sitima yotchedwa Ilala, likutsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pawo panali dotolo wachinyamata, Robert Laws. Malowo anawakomera m'maso, pakuti panali dooko lobisika ku mphepo ya mwera, madzi oyera ndi nsomba zambiri. Komatu akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malungo anayamba kuwagwetsa mmodzimmodzi, ndipo Dr William Black anamwalira mu 1877. Manda a amishoniwo alipobe pa Cape Maclear. Mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, komwenso ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo matenda anawatsatira komweko, mpaka mu 1894 Laws anakwera phiri nakamanga pa Khondowe, pamene lero patchedwa Livingstonia.

Anzawo a mpingo wina wa ku Scotland anasankha mwa njira ina. Henry Henderson, poperekezedwa ndi womasulira wake Tom Bokwito, anayendayenda kufunafuna malo, ndipo anakhutira ndi mtunda wa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni. Pamenepo mpamene mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876. Pa nthawiyo panalibe wodziwa chenicheni chimene chimadzetsa malungo, ndipo azungu ambiri ankati ndi mpweya woipa wochokera m'madambo. Kunali mu 1897 pamene Ronald Ross, akugwira ntchito ku India, anasonyeza kuti kachirombo ka malungo kamakhala mu udzudzu. Ngakhale zinali choncho, maso okha anali atawaphunzitsa kuti kumtunda anthu sadwaladwala monga kuchigwa. Nyanja ya Malawi ili pa mamita oposa pang'ono 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene minda yambiri ya ku Thyolo ili pa mamita pafupifupi 1,000. Motero boma la atsamunda litakhazikitsidwa mu 1891, likulu lake linaikidwa pa Zomba, m'tsinde mwa phiri, ndipo ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, kunangokhala malo a asilikali ndi dooko la sitima.

Thanzi linagwirizana ndi ulimi pokokera alendowo kumtunda. Poyamba anadalira khofi, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mbewuyi inali italowa pansi chifukwa cha tizirombo, chilala ndi kugwa kwa mitengo pa msika, pakuti khofi wa ku Brazil anali atachuluka. Tiyi anayesedwa koyamba m'munda wa mishoni ya Blantyre mu 1878, kenaka Henry Brown anamubzala ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo anafika mu 1908, pa esiteti ya Bandanga. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre kudzera pa Luchenza, ndipo katundu amene kale ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga anayamba kuyenda pa sitima ya pamtunda. Tiyi amafuna mvula yambiri ndi dothi lakuya lofiira, ndipo Thyolo ali nazo zonse ziwiri, kuphatikizapo chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imanyowetsa minda m'miyezi yozizira pamene kwina konse kwauma. Mu 1923 Maclean Kay, amene anali atalimapo mitengo ya mphira ku Malaya, anayamba esiteti ya Satemwa, ndipo mtaliyana Ignaco Conforzi naye anatukula minda yake m'boma lomweli. Maina monga Naming'omba ndi Makwasa anayamba kumveka kutali.

Nyumba za eni minda ndi akuluakulu oyang'anira zinkamangidwa pa zitunda, poonekera patali ndi pomwe mphepo imapita bwino. Zinali za njerwa zowotcha, za denga la malata, za khonde lalikulu lozungulira, ndipo m'kati munali malo osonkhapo moto wowotha m'nyengo ya chisanu. Pabwalo ankabzala kapinga ndi maluwa, ndipo m'mbali mwa njira munkandanda mitengo. Chakumunsi kunali fakitale yofotetsera ndi kuumitsira masamba, nkhalango za bulugamu zopatsa nkhuni, ndiponso makomboni, timanyumba tothithikana ta antchito. Kubiriwira kumene anthu amakusirira lero akamadutsa pa msewu wochokera ku Limbe kunakonzedwa m'zaka zimenezo.

Tsono apa mpofunika kufunsa: kodi malo amenewa anali a yani alendowo asanawasankhe? Ku Thyolo kunali kale Amang'anja, okhala ndi mafumu awo, minda yawo ndi manda a makolo awo. Azungu oyamba ankati anagula malowo kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, pamene mwa mwambo mfumu ndi msungi chabe wa dziko, alibe mphamvu yoligulitsa. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anaunika zogulazo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 napereka zikalata zotsimikiza umwini. Mmodzi wa amene anapata malo aakulu anali Eugene Sharrer, ndipo mu 1902 malo akewo anapita m'manja mwa British Central Africa Company. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi mawu oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale kuti isasunthidwe, koma mawuwo sanasungidwe mokwanira, ndiponso sankateteza anthu obwera pambuyo.

Obwera pambuyowo anali ambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alhomwe anayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Eni minda anawalandira ndi manja awiri chifukwa ankasowa antchito, koma anawapatsa malo omangapo nyumba ndi kolima pa pangano lakuti azigwira ntchito m'malo mwa lendi. Pangano limeneli linatchedwa thangata. Kale liwuli linkanena za kuthandizana kwa pachibale ndi pamudzi, koma pa esiteti linasanduka dzina la ntchito yokakamiza, imene inkagwa m'miyezi ya dzinja, nthawi yomwe munthu amayenera kupalira chimanga chake. Chotero pa phiri limodzimodzilo panali anthu a mitundu iwiri: ena anasankha pokhala atayerekeza nyanja ndi mapiri, pamene ena anamanga pomwe kapitawo analoza ndi ndodo, akudziwa kuti tsiku lililonse angathe kuuzidwa kuti asamuke.

Madandaulo a thangata ndi amodzi mwa amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, koma linapatsanso eni minda mpata wochotsa ena mwa anthuwo pa zaka zisanu zilizonse. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anafufuza nkhani ya malo, ndipo analangiza boma kuti ligule malo a maesiteti amene sankalimidwa kapena amene panali midzi, kuti anthu akhalepo mwaufulu. Boma linayambadi kugula, koma ku Thyolo ntchitoyi inayenda pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, unabutsa zipolowe zimene zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu wodzilamulira, ndipo mu 1967 kunakhazikitsidwa bungwe la Smallholder Tea Authority lothandiza alimi ang'onoang'ono kulima tiyi wawo.

Pamene izi zinkachitika kumapiri, mbiri ya nyanja inali kusintha. Kwinini ndi maukonde otchinga udzudzu zinachepetsa mantha a malungo. Mu 1935 njanji inafika ku Salima, ndipo anthu a ku Blantyre ndi Limbe anayamba kupita ku Senga Bay kukapuma. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, ndipo alendo ankagona pa hotela pafupi ndi pomwe amishoni aja anaikidwa. Sitima yatsopano ya Ilala inayamba kuyenda mu 1951. Pang'ono ndi pang'ono makampani ndi mabanja opeza bwino anamanga nyumba zopumuliramo m'gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Mu 1980 dera la Cape Maclear linakhala malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Eni chuma anathetsa funso lija mwa kutenga zonse ziwiri: nyumba yokhalamo kumtunda, yopumuliramo kunyanja. Koma nakonso kunyanja kunali eni ake, asodzi amene m'malo ena anapeza mpanda utatchinga njira ya kudooko kumene makolo awo ankakokera makoka.

Malo onse awiri ali ndi zovuta zake zimene wogula wothamanga saziona. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pa zaka zambiri. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 inatsika kwambiri kotero kuti madzi analeka kutulukira mu mtsinje wa Shire, pamene mu 1980 inakwera nimiza nyumba za m'gombe, ndipo mu 2024 inabwerezanso, kulowa m'mahotela ndi m'nyumba za ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. M'madzi odekha a m'magombe ena mulinso likodzo. Kumtunda nakonso, walira mvula walira matope. Nkhalango yachilengedwe ya pa phiri la Thyolo, imene inkasunga akasupe, inadulidwa pafupifupi yonse ndi anthu osowa polima, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa ku Soche, Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zimene madzi amachita pa phiri lopanda mitengo.

Chachikulu koposa zonse ndi nkhani ya umwini. Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo mabanja ambiri amalima kachigawo kochepa m'malire mwa minda ya tiyi yotambalala, chimene chimachititsa kuti nkhani ya malo isazilale. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yakuti mabanja alembetse malo awo m'kaundula, koma milandu ya malo ogulitsidwa kawiri, kapena ogulitsidwa ndi munthu mmodzi abale ake osadziwa, siinathe m'mabwalo. Kumadera kumene malo amatsata mbumba ya kuchikazi, monga ku Thyolo ndi ku Mangochi, mawu a munthu mmodzi sakwanira kugulitsa munda wa banja.

Tsono omvera amene mukulingalira zogula malo, kaya kunyanja kaya kumapiri, safunsa anadya phula. Kunyanja funsani akuluakulu a pamudzi pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024, ndiponso kumene asodzi amadzera popita kudooko. Kumapiri yang'anani chimene chili kumtunda kwa malowo ndi njira imene madzi a mvula amatsata. Konsekonse kaonaneni ndi mfumu, eni mbumba ndi a ofesi yoona za malo musanapereke ndalama, ndipo mudziwe amene ankalima pamalopo ndi kumene apite inu mukamanga. Zikalata za m'zaka za m'ma 1890 zinalembedwa mafunso otere asanayankhidwe, ndipo anthu a ku Thyolo akali kusenza zotsatira zake mpaka lero.