Maina a malo a ku Karonga amene amaseketsa alendo

Akuluakulu akale anati safunsa anadya phula. Mwambi umenewu umakwana bwino pa nkhani ya maina a malo. Munthu wochokera ku Dedza kapena ku Mulanje akakwera basi kulowera kumpoto, n'kutsetsereka zitunda za Chiweta kufika m'mphepete mwa nyanja, amayamba kuwerenga zikwangwani za mumsewu wa M1 ndi khutu la kwao. Apo m'pamene chikhakhali chimayambira. M'boma la Karonga anthu amalankhula Chinkhonde ndi Chitumbuka, ndipo pamsika Chiswahili chimamvekanso. Zilankhulo zimenezi ndi zapachibale ndi Chichewa, motero mau ambiri amafanana kamvekedwe pamene tanthauzo lili kutali. Mlendo amaseka poganiza kuti wamva, chikhalirecho wamva theka lokha.

Malo otchuka oyamba kuwapeza ndi Chilumba. Mchewa aliyense amadziwa kuti chilumba ndi mtunda wozingidwa ndi madzi mbali zonse, kotero amadabwa kuona kuti wafika pa Chilumba ali khale pampando wa basi, osakwera bwato ngakhale kunyowa phazi. Doko limeneli lili pa ndomo ya mtunda yolowa m'nyanja, ndipo kwa zaka zambiri sitima ya Ilala inkatembenukira pomwepa pa ulendo wake wa kumpoto. Pa nthawi ya atsamunda malowa ankalembedwa kuti Deep Bay. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina ambiri achizungu anachotsedwa: Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Hill inakhala Chitipa, ndipo Deep Bay inakhala Chilumba. Choseketsa china n'chakuti kufupi ndi dokoli kuli kachilumba kenikeni kotchedwa Chirwa, pamene mau akuti chirwa m'Chitumbuka amatanthauza chilumba. Azungu oweta nsomba zokongola za m'nyanja ya Malawi amakatchula kuti Chirwa Island, osadziwa kuti akunena mau amodzi kawiri.

Maina a mafumu a deralo nawo amapusitsa khutu. Chilumba chili m'dera la Mfumu Yaikulu Wasambo, ndipo chakumpoto kwake kuli dera la a Mwirang'ombe. Mlendo amamva ngati wina wasamba ndipo mnzake akumwera ng'ombe. Kumalire ndi Tanzania kuli a Mwakaboko. Kwa Mchewa, dzina loyamba ndi "mwa" limamveka ngati mlandu, monga ponena kuti mwaba kapena mwaswa. Kwa Ankhonde ndi abale awo Anyakyusa, "mwa" amasonyeza kuti munthuyo ndi mwana wa uje, wa banja lakuti. Midzi yambiri inatenga maina a eni ake, n'chifukwa chake mapu a Karonga adzaza ndi "mwa". Palinso "mwene", monga pa Mwenilondo ndi Mwenitete. Ameneyu ndi mbale wa mau a Chichewa akuti mwini, ndipo ndi yemweyo amene ali m'dzina la Mwene Mutapa, mfumu ya ufumu wakale wa ku Zimbabwe. Wodziwa zimenezi akawerenga chikwangwani amaona mzere wa makolo pamene mnzake akuona nthabwala.

Kumwera kwa tauni ya Karonga kuli malo otchedwa Malema. Kale Mchewa ankangomva kulema, ngati kuti apaulendo ankafika pamenepo miyendo itakana. Masiku ano achinyamata amaseka pokumbukira Julius Malema, wandale wa ku South Africa. Komatu Malema wa ku Karonga ali ndi mbiri yakale kuposa andale onse. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anafukulapo mafupa a zolengedwa zakale zofanana ndi anthu. Pa Uraha, chakufupi ndi Chilumba, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada mu 1991, yomwe akuti yatha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Anailemba m'kaundula kuti UR 501, potenga zilembo ziwiri zoyamba za Uraha. Zinangokumanizana kuti m'Chijeremani "ur" amanena chinthu chakale kwambiri, cha pachiyambi penipeni.

Dzina la Karonga lenilenilo lasokoneza ambiri. Popeza pakamwa pa Amalawi "l" ndi "r" amasinthana mosavuta, Mchewa amamva Kalonga, mfumu ya Amaravi imene likulu lake linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Ena amafika poganiza kuti afika kwa mfumu yawo. Koma kuno n'kwa Kyungu, mfumu yaikulu ya Ankhonde, imene makolo ake anakhazikika pa phiri la Mbande. Karonga anali mfumu ya mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, pamene kampani ya African Lakes inamanga sitolo yake mu 1884. Azungu oyambirira ankalemba kuti "Karonga's", kutanthauza kwa Karonga. Kampaniyo nayo inali ndi dzina loseketsa, Mandala, lomwe anthu anapatsa John Moir kaamba ka magalasi ake a m'maso. Sitolo itakula kukhala boma, dzina la mfumu ya mudzi linaphimba dera lonse. Silinathere pomwepo. Mafupa a zinyama zikuluzikulu zakale za mtundu wa dinosaur atafukulidwa m'dera la Mwakasyunguti, china chinatchedwa Malawisaurus mu 1993, ndipo mu 2005 katswiri wa ku Malawi, Elizabeth Gomani, anatcha china Karongasaurus, ndiko kuti buluzi wa ku Karonga. Mfumu ija sikanalota kuti dzina lake lidzavalidwa ndi chilombo chomwe chinafa zaka mamiliyoni ambiri iyo isanabadwe. Chigoba cha Malawisaurus chimaonetsedwa m'nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa m'tauniyi mu 2004.

Pali maina ena amene kuseka kwake kumathera pakhosi. Kumadzulo kwa tauni, panjira yopita ku Chitipa, kuli Mpata. Mchewa akamva mpata amaganiza za danga kapena mwayi. Koma pa Mpata m'pamene panali linga la Mlozi, wogulitsa akapolo amene anadzitcha mfumu ya dziko la Ankhonde mu 1887. M'Chiswahili mlozi ndi munthu wolodza, mfiti. Mnzake wina ankatchedwa Kopakopa, dzina lomveka ngati la wonyengerera makasitomala pamsika, komabe pa linga lake m'pamene Frederick Lugard anavulazidwa ndi chipolopolo mu 1888. Pa dambo la Kambwe, kumpoto kwa tauni, Ankhonde ambiri amene anabisala m'bango anaphedwa mu 1887 anthu a Mlozi atayatsa moto. Nkhondoyi inatha mu Disembala 1895, asilikali a Harry Johnston atagwetsa linga la Mpata, Mlozi n'kunyongedwa.

Wodziwa mbiri imeneyi amasamala lilime akafika pa Kaporo, panjira yopita ku Songwe. Kwa Mchewa dzinali limamveka ndendende ngati kapolo, ndipo alendo ena amachita nalo nthabwala. Eni dera ndi zidzukulu za anthu amene anakhetsa mwazi pokana ukapolo. Lero Kaporo amadziwika ndi mpunga wonunkhira wa Kilombero, umenenso dzina lake linachokera ku chigwa cha Kilombero ku Tanzania.

Kutcha maina sikunathe ndi makolo. Mu 2011 mzinda wa Benghazi ku Libya unamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku chifukwa cha nkhondo yochotsa Muammar Gaddafi. M'zaka zotsatira, dera la pakati m'boma la Karonga, kumene kuli Lupembe, Mlare ndi Mwenilondo, linayamba kutchedwa Benghazi kaamba ka ziwawa za otsatira andale pa nthawi ya zisankho. Dzinali linayamba ngati nthabwala, manyuzipepala n'kulitola, mpaka linamatirira. Apa pali phunziro. Dzina lachipongwe limafulumira kumera kuposa dzina laulemu, ndipo amene amalisenza ndi alimi, asodzi ndi ana asukulu omwe sanagendepo munthu. Mwana wa ku Lupembe akanena kwao ali ku Lilongwe, n'kuyankhidwa kuti ndi wa ku Benghazi, amakhala atalipira mlandu wa ena.

Kuseka dzina si mlandu. Ankhonde ndi Atumbuka nawo amaseka akamva maina a kumwera, ndipo nthabwala zotere zimafupikitsa ulendo. Chofunika n'chakuti kuseka kutsatidwe ndi funso. Maina ambiri a midzi sanalembedwe m'buku lililonse pamodzi ndi chiyambi chake, amangosungidwa m'mitu ya agogo, ndipo agogo akamapita amapita nazo. Mdzukulu wofika pamudzi wa dzina lachilendo achite monga mwa mwambo: apereke moni, akhale pansi, afunse akuluakulu kuti dzinali linabwera bwanji, kenaka alembe zimene wamvazo ndi kalembedwe ka eni ake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.